Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Buku limene linakakhala chikole

Sabata yatha ndinalekezera pamene bambo analembedwa utenanti pa esiteti ina ya fodya chakwa Santhe, ife tonse n'kusamuka pa ngolo ya thirakitala, mbuzi ziwiri zili chomangidwa kumbuyo. Pa zonse zimene tinali nazo pa esiteti ija, chatsala n'chimodzi chokha, ndipo chili m'thiranki pansi pa bedi langa kuno ku Kasungu boma.

Amalume ankaphika kunyumba kwa manijala, mzungu wachikulire wosakonda zoyankhulayankhula. Mu 1997 pobwerera kwawo, mzunguyo anasiya makatoni atatu a mabuku pakhonde, nati wofuna atenge. Anthu anatengadi. Amayi a mandasi anapeza zokulungira, madoda anapeza mapepala opichirira chingambwe. Amalume anabwera ndi limodzi madzulo ataweruka, nandiika pamiyendo.

"Mphwanga, ili lili ndi zithunzi, ndati likhale lako. Ndang'ambamo pang'ono pakatipa ndisanazione, undikhululukire."

Ndinali sitandade 4. Chingerezi changa chinkathera popereka moni kwa aphunzitsi. Bukulo linali lachikuto cholimba chokutidwa ndi nsalu yobiriwira, pamsana pake pali zilembo zagolide zoyamba kufufutika: Jules Verne, Twenty Thousand Leagues Under the Sea. Mawuwo sanandiuze kanthu. Zithunzi n'zimene zinandigwira.

Zinalibe mtundu uliwonse, inki yakuda basi. Ukaziyandikitsa kumaso pa kuwala kwa koloboyi umaona kuti chilichonse n'timizere tating'onoting'ono togundana, pena tothithikana kuti pade, pena totalikirana kuti pawale. Pa tsamba lina amuna akuyenda pansi pa madzi, mitu yawo ili m'zisoti zachitsulo zobulungira ngati miphika, mfuti zili m'manja. Pa lina anthu aima pa zenera lalikulu akuyang'ana nsomba zikudutsa kunja, ngati mmene ife tinkaonera mvula tili m'chigafa. Kunalinso chilombo cha mikono yambiri chitakulunga munthu n'kumunyamula m'mwamba, anzake akuchitema ndi nkhwangwa. Tsamba limenelo ndinkalidumpha, kenaka n'kubwereranso.

Mumvetse kuti ine nyanja ndinali ndisanaionepo. Madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a Bua akasefukira. Nyanja inkatipeza pa njinga, m'dengu la usipa wochokera ku Nkhotakota. Ndiye mwana woteroyo mum'patse pansi pa nyanja ya mchere m'manja mwake!

Agogo aakazi sankalifuna bukulo dzuwa likalowa. "Tseka chimenecho iwe, zoterezi saonera usiku." Koma masana akamasenda chinangwa ankandiitana okha kuti ndiwatsegulire pa zenera paja, n'kumazitchula nsombazo mayina a kwathu: iyi ndi mlamba, iyi ndi kampango wa kwa azungu. Pakona pa zithunzi zambiri panali kadzina kolembedwa mopendekera, Hildibrand. Ine ndinkayesa kuti ndi dzina la nyanjayo, ndipo anzanga onse a pa esiteti ndinawaphunzitsa choncho.

Za njala ya 2002 ndidzalemba gawo lakelake, pakuti si nkhani yongodutsa. Apa ndingoti pofika mu February, mwezi umene boma linalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka, mbuzi zija zinali zitapita, wailesi itapita, njinga ya bambo itapita. Tinkadya gaga akapezeka, akasowa n'kukumba zitsa za nthochi. Agogo miyendo inatupa. Tsiku lina m'mawa amayi anaima pakhomo osandiyang'ana kumaso, nati, "Buku lako lija, kodi palibe angaligule?"

Ndinalikulunga m'chitenje n'kupita nalo pa tiledingi. Wa golosale analipima m'dzanja, natchula mtengo wa mapepala okulungira mchere. Pobwerera ndikulira ndinakumana ndi aphunzitsi athu a Chingerezi a sitandade 8, kalasi imene ndinkabwereza chaka chimenecho. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, nanditengera kwawo. Nawonso ana awo anali owonda, ndinaona ndi maso angawa. Akazi awo anapungula chimanga m'kathumba kotsala, nadzaza beseni laling'ono.

"Mwana wanga, bukuli sindikugula ayi. Likhale chikole. Mukakolola udzabwere nalo beseni langa."

Chimanga chija chinatifikitsa pa maungu. Agogo okha ndiwo sanafike; tinawaika m'manda kumayambiriro kwa March, anthu operekeza ali owerengeka chifukwa ambiri analibe mphamvu zoyendera.

Mu May ndinabwezadi beseni lodzaza. Aphunzitsi anakhuthula theka lokha, lina n'kundibwezera. Bukulo analikuta ndi pepala la kalendala yakale, ndipo mkati anaikamo kope la masamba 40. Lamulo lawo linali lakuti tsiku lililonse ndiwerenge tsamba limodzi loyandikana ndi chithunzi, mawu ondivuta ndiwalembe m'kopemo, Lachisanu tikambirane. Njira imeneyi ndimaiikira kumbuyo mpaka lero. Mwana akayamba waona chinthu, mawu ake amawasaka yekha ndi njala. Ndi chaka chomwechonso chimene William Kamkwamba wa kwa Wimbe, m'boma lathu lomwe lino, ankatsatira zojambula za m'buku la mulaibulale mpaka kupanga makina ake opukusa magetsi ndi mphepo, Chingerezi chikumuvuta ngati ine.

Ndinatenga chaka ndi miyezi kuti ndilimalize. Ndinadziwa kuti sitima ija ndi Nautilus, yotalika mamita 70, yoyendera magetsi, ndipo mwini wake ndi Kaputeni Nemo. Ndinadziwa kuti 20,000 ija si kuya kwa madzi koma kutalika kwa ulendo wonse. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti m'sitimamo munali laibulale ya mabuku 12,000. Kusukulu kwathu buku limodzi tinkaunjikana ana asanu.

Patapita zaka, nditayamba ntchito yaukalaliki n'kugula foni yolowa pa intaneti, ndinafufuza Hildibrand. Si nyanja. Ndi munthu amene ankasema zithunzizo. Wojambula ankajambula pa kachipika ka mtengo wolimba kosalala, wosema n'kumagoba ndi kachitsulo kosongoka, mzere umodziumodzi, kusiya pokhapo poyenera kugwira inki. Ojambulawo anali awiri, Édouard Riou ndi Alphonse de Neuville, ndipo buku la zithunzi 111 linatuluka ku Paris mu 1871 kwa wosindikiza Pierre-Jules Hetzel. Langali ndi la Chingerezi losindikizidwa pambuyo pake kwambiri, ndipo anangosankhamo zithunzi zina. Ndinakhala pa mpando wa muofesi n'kumaganiza za bambo ameneyo ataweramira kachipika ka mtengo masiku ambirimbiri, kuti mwana wa tenanti wa kwa Santhe adzaone nsomba.

Pamenepo m'pamene ndinadziwanso kuti kunjaku kuli anthu amene ntchito yawo n'kusonkhanitsa mabuku oterewa, a nkhani zopeka za sayansi okhala ndi zithunzi. Amasakasaka a Hetzel a zikuto zofiira ndi golide. Amalimbirana The War of the Worlds ya H. G. Wells imene inatuluka m'Chifalansa ku Brussels mu 1906, ya zojambula za Henrique Alvim Corrêa wa ku Brazil, chifukwa anangosindikiza makope 500. Ku London kuli Folio Society, imene inayamba mu 1947, yomwe mpaka lero imalemba ojambula kuti akongoletse mabuku akale, ambiri mwa mabukuwo n'kuwalowetsa m'timabokosi tawo. Anthu amenewa asanatulutse ndalama amayang'ana msana ngati sunathyoke, makona ngati sanapindike, mapepala ngati alibe madontho, zithunzi ngati zilipo zonse. Ena amagula awiri, lina lowerenga, lina losatsegula n'komwe.

Sindiwanyoza. Popanda iwo mabuku ambiri akadathera ku chiswe ndi ku mandasi monga anathera makatoni atatu aja. Ineyo ndagulapo atatu ena oterewa kwa ogulitsa mabuku akale m'makonde a ku Lilongwe, ndipo ndimawasunga m'majumbo, thiranki ili pa njerwa. Koma buku losatsegula limandimvetsa chisoni. Langali kwa iwo n'lopanda mtengo: chiswe chinaboola pakona, likununkhabe fodya wa m'chigafa, pa tsamba la zenera pali chidindo cha chala cha agogo cha madzi a chinangwa, ndipo pakati palibe masamba anayi.

Masamba anayi amenewo ndinawapeza mu 2016, usiku wina magetsi atazima, pa malo ena a pa intaneti amene anaikapo zithunzi zonse 111. Ndinatsegula buku langa pamene pali zitsa za mapepala ong'ambidwa, ndinawerenga mzere womaliza, n'kuyamba kutsitsa pa foni. Amalume anapichirira maliro. Mmodzi mwa anthu a m'sitima anamwalira, ndipo anzake anamunyamula n'kukamuika pansi pa nyanja. Pa chithunzicho operekeza ndi owerengeka, ali m'zisoti zawo zija, azungulira manda patsogolo pa mtanda.

Ndinaimbira amalume usiku womwewo, pano ali kumudzi ndipo makutu ayamba kuwavuta. Ndinafotokoza kawiri. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, ukamabwera pa Khirisimasi ubwere nayo foniyo, ndidzaoneko."