Zikomo kwa inu amene munanditsekera njira usiku uja

Lamulungu lapitali ine ndi msuweni wanga tinalandira Mgonero titakhala pa benchi limodzi, patatha chaka chathunthu tisakupatsana moni. Anthu amene anatifikitsa pamenepo ndi ambiri, ndipo kuwayendera khomo ndi khomo sindingamalize, choncho ndati ndilembe pano.

Amene mumatidziwa kuno ku Katete mukudziwa kumene zinachokera. Malume atamwalira, munda wa kumtunda kwa dimba unasanduka mlandu. Ine ndinkati kwa ife Achewa munda umatsata mbumba, ndiye ndi wa ife ana a mlongo wawo. Asuweni ankati atate awo ndiwo anagwetsa mitengo ndi kuzula zitsa. Mvula yoyamba itagwa chaka chatha, analowetsa pulawo m'mizere imene ndinali nditabzalamo kale mtedza. Mwana wanga atapita kukawaletsa, anamumenya ndi mpini wa khasu mpaka mkono unathyoka.

Sindibisa, abale. Titamusiya mwana ku chipatala cha St Francis, ndinabwerera kumudzi n'kunola nkhwangwa. Achinyamata atatu a m'banja mwathu anali okonzeka kundiperekeza.

Zikomo choyamba chipite kwa mkulu wa mpingo wa m'dera lathu. Munapalasa njinga mumdima, opanda ngakhale tochi, n'kudzakhala pansi pakhomo panga penipeni. Simunandilalikire. Munangoti, "Aphiri, ine pano sindichoka. Ngati mukupita, mundilumphe." Munthu wa imvi ngati inu ndikanamulumpha bwanji? Tinakhala chomwecho mpaka atambala analira, ndipo nkhwangwa munapita nayo kwanu. Ikadali komweko, ndipo isungeni.

Amayi a Chigwirizano, munasinthana kupititsa nsima ndi phala kuchipatala masabata awiri. Tsiku lina amene anabwera ndi bakuli anali mayi ake a msuweni wanga yemweyo. Anagwada pambali pa bedi akulira, osatha kutulutsa mawu. Ndinafuna kukana chakudya chija, koma mwana wanga anachilandira ndi dzanja lake latsalalo. Kuyambira tsiku limenelo ndinalephera kupempherera zoipa nyumba imene ija.

Abusa athu, ndikuthokozani makamaka chifukwa simunathamangire kunena kuti "khululukiranani, zithe." Ndikanamva mawu amenewo mwezi woyamba, tchalitchi ndikanasiya. Inu munati mtendere wokwirira cholakwa uli ngati kumanga nsalu pa chilonda chosatsuka. Munatiitana payekhapayekha kanayi musanatikhazike pamodzi. Wolakwa anavomera ndi pakamwa pake pamaso pa akulu, anabweza ndalama zonse za mayendedwe ndi mankhwala, n'kuwonjezapo mbuzi. Kenako munatembenukira kwa ine ndi Genesis 13, pamene Abramu, ngakhale anali wamkulu, analola Loti kusankha dziko poyamba kuti ndewu ya abusa a ziweto zawo ithe. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ine ndinkadziona ngati wolakwiridwa yekha. Ndinali nditaiwala mawu amene ndinawalankhula pa maliro a malume, ana awo akumva, akuti atenge mayi awo azipita kwawo. Nanenso ndinapepesa.

Kwa anyakwawa ndi nduna zawo, zikomo potifotokozera kuti lamulo la 1989 la chuma cha masiye silikhudza malo a mafumu, kotero kukokerana ku makhoti a ku Chipata kukanangotidyera ndalama za feteleza. Munayenda nafe m'munda wonse dzuwa likuswa mtengo. Malire tsopano ayambira pa chulu mpaka pa mtengo wa muula, ndipo khonje tinabzala tonse awiri, iye akukumba ine ndikuika. Msuweni ndiye anasankha mbali yake poyamba.

Mayi a kunyumba, ndinu amene munazemba kuseri kwa nkhokwe kukaitana mkulu wa mpingo, ndipo ndinakukalipirani masiku atatu chifukwa cha zimenezo. Ndikhululukireni pamaso pa onse owerenga pano. Zikomo, Nabanda.

Mkono wa mwana unalumikizana bwino, ngakhale kukazizira amadandaulabe. Iye sanafike pomupatsa moni amene anamumenya, ndipo abusa anati tisamukakamize. Mumukumbukire m'mapemphero anu a Lachinayi, amayi. Mvula ikagwa, ng'ombe za msuweni ziyamba kulima mbali yanga, kenako tonse tiwolokera kwake.