Njerwa pa simenti, minibasi pa M1: zolemba za Lachitatu

Phunziro la fizikisi la lero ndi ana a Fomu 1 linali la force, ndipo chopinga choyamba chinali mawu. Pa Chichewa timangoti mphamvu: ya magetsi, ya injini, ngakhale yomwe munthu amapeza akadya nsima. Force yokha ndi kukankha kapena kukoka basi, ndipo nthawi zonse imakhala ndi kukula kwake komanso kumene yaloza. Timaiyeza mu ma newton, mwachidule N, dzina lochokera kwa Isaac Newton amene anasindikiza malamulo ake atatu a kayendedwe ka zinthu mu 1687. Ikani tomato wa magalamu 100 pa chikhatho, kulemera kumene mukumvako ndiyo newton imodzi. Dziko limakoka kilogalamu iliyonse ndi 9.8 N, koma powerengera timangoti 10. Choncho chigubu cha madzi cha malita 20 chimakokedwa ndi 200 N, thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi 500 N. Thumba lomwelo litapita kumwezi, chimanga sichingachepe ngakhale njere imodzi, koma lingamalemere 80 N yokha.

Cha m'ma 9 koloko tinatulukira pakhonde. Zipangizo zake n'zosavuta: njerwa ziwiri zootcha, chingwe chotalika mita imodzi, mapensulo anayi, ndi sikelo yokoloweka, ija ogula mbewu amapachika mu mtengo. Sikelo yoteroyo imaonetsa makilogalamu, ndiye chimene mwawerenga muchulukitse ndi 10.

Njerwa yathu inalemera makilogalamu 3. Tinaimanga chingwe n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono pa simenti. Muvi unakwera kufika 5 N, njerwa ili phee. Pa 12 N osasuntha. Itafika 18 N inagwedezeka, ndipo pomwepo muvi unabwerera pa 14 N n'kukhazikika, njerwa ikuyenda. Apa m'pofunika kuima kaye. Pamene timakoka ndi 12 N njerwa osayenda, simenti inkabweza ndi 12 N ndendende. Kukhulana kwa zinthu ziwiri, komwe mabuku amati friction, kumakula motsatira mmene mukukokera mpaka kufika malire ake. Malirewo akadutsidwa kumatsika pang'ono, n'chifukwa chake kuyamba kukwekweza katundu wolemera pansi kumawawa kuposa kupitiriza.

Titasanjika njerwa yachiwiri pamwamba, sikelo inafika pafupifupi 28 N, kuwirikiza kawiri. Kenaka tinagoneka njerwa imodzi cham'mbali, pomwe mbali yokhudza pansi ndi yaing'ono. Pafupifupi kalasi yonse inalosera kuti ipepuka. Sizinatero, muvi unakhalabe cha pa 14 N. Chimene chimalamula ndi kulemera kopanikiza pansi ndi mtundu wa zinthu zokhulanazo, osati kukula kwa malo. Pa mapensulo anayi, njerwa inagudubuzika sikelo isanafike ndi pa 2 N pomwe.

Gulu lina linapeza manambala osokonekera, ndipo zifukwa zake ndi zomwe zija za nthawi zonse. Sikelo ikagonekedwa muvi umachoka pa ziro, ndiye mutembenuze kaye kasikuluwu ka pamwamba musanakoke. Chingwe chikhale chogona mofanana ndi pansi. Mukakokera m'mwamba mukuinyamulako njerwa, ndipo nambala imatsika. Kukoka mogwedeza kumavinitsa muvi. Fumbi nalo ndi mdani, makamaka nyengo ino: sesani pakhonde, apo ayi mchenga umasanduka timagudumu.

Masana, mu minibasi yochokera ku depoti kupita ku Area 25, lamulo loyamba la Newton, loti chinthu sichisintha kayendedwe kake ngati palibe force yochisintha, linadzionetsa lokha. Dalaivala anaponda buleki mwadzidzidzi pofuna kutola wokwera, tonse n'kuweramira kutsogolo, mayi wina dengu la nthochi n'kumupulumuka. "Ndani wandikankha?" Palibe. Buleki inagwira matayala, matayala anagwira msewu, koma matupi athu panalibe chowagwira, ndiye anapitiriza ulendo pa liwiro lomwe anali nalo. Lamba wa pampando ntchito yake n'kupereka force imene ikusowayo.

Pamenepa ndi pomwe oyamba ambiri amagwera, ngakhale pa mayeso a MANEB. Amaganiza kuti chinthu chikamayenda ndiye kuti pali force yochikankha yoposa zina. Ayi. Njerwa ija ikuyenda pa liwiro losasintha, ife tinkakoka ndi 14 N, simenti inkabweza ndi 14 N, yotsala inali ziro. Force yotsala siyendetsa chinthu, imasintha kayendedwe kake: kuonjezera liwiro, kulichepetsa, kapena kukhotetsa.

Kukula kwa kusinthako ndiye lamulo lachiwiri, F = ma: force yotsala (F) ndi makilogalamu a chinthu (m) kuchulukitsa ndi mmene liwiro likusinthira pa sekondi iliyonse (a). Tengani wakabaza wa njinga yopalasa: iye, njinga ndi thumba la chimanga, pamodzi makilogalamu 140. Kuti liwiro lizikwera ndi theka la mita pa sekondi, sekondi iliyonse, pafunika force yotsala ya 140 × 0.5, yomwe ndi 70 N, kupatula yogonjetsa mphepo ndi kukhulana. Akatsitsa thumba patsala makilogalamu 90, ndipo 45 N ikwana. Pa fomulayi muike makilogalamu, osati ma newton. Ambiri amalemba 1,400 pamalo pa 140 n'kupeza yankho lalikulu kakhumi.

Lamulo lachitatu tangolikhudza chabe. Tayala limakankha msewu kumbuyo, msewu umakankha tayala kutsogolo ndi force yofanana. Ziwirizi sizithetsana chifukwa zikugwira pa zinthu zosiyana, ina pa msewu, ina pa tayala. Mawa tidzalionetsa ndi masikelo awiri okolowekana, ana awiri akukokana. Sikelo yachiwiriyo tabwereka kwa bambo wina wogulitsa nyemba ku Nsungwi, ndipo akuifuna pofika 12 koloko.