Kukwera mwendokasi pa Kimara popita ku Kariakoo

Ndikapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo, dera la msika waukulu ndi masitolo, basi yochokera ku Mbeya imanditsitsa pa depoti ya Magufuli, ku Mbezi. Kuchoka pamenepo ndimakwera ina yokanditula pa Kimara, pomwe pamayambira msewu wa mabasi abuluu aataliatali aja. Eni ake amawatchula mwendokasi. Anayamba kuyenda mu 2016, ndipo ali ndi msewu wawowawo pakati pa Morogoro Road, woti galimoto zina siziloledwa kupondamo.

Siteshoni ya Kimara ndimalowera pa mlatho wa anthu oyenda pansi, chifukwa kudumpha msewu umenewu n'kuika moyo pachiswe. Ndili pamwambapo ndimatembenuza chikwama kuti chikhale pachifuwa, foni n'kuilowetsa mkati mwenimweni. Zolipira ndimamaliziratu pa siteshoni pomwepo, kenako ndimadutsa pa geti. M'basimo mulibe kondakitala wotolera ndalama.

Ntchito yeniyeni ili mkatimo. Mabasi ambiri ndi ofanana, koma akupita kosiyana, choncho maso anga amakhala pa chikwangwani cha kutsogolo. Yolembedwa Kivukoni ikathera kunyanja, pafupi ndi msika wa nsomba ndi pokwerera pantoni ya ku Kigamboni. Ya Morocco, dera lina la mumzinda momwemo, imakhota pa Magomeni. Yanga ndi ya Gerezani, siteshoni yomalizira ya ku Kariakoo. Ndikakayika ndimafunsa woyandikana naye, kuyamba ndi moni, ndipo ngati ndi wamkulu ndimati shikamoo, moni waulemu wa Chiswahili. Anthu ake amakulozera bwinobwino.

M'mawa pa Kimara pamakhala khwimbi la anthu. Ana asukulu, amayi obereka makanda, abambo a mataye, onse maso ali kumene basi itulukire. Ikangoima zitseko n'kutseguka, khamu limakunyamula lokha. Ine yoyamba ndimaisiya ipite, n'kusendera kutsogolo pafupi ndi poimira chitseko, kuti yachiwiri indipeze ndili pabwino. Pansi pa basi ndi pa siteshoni m'pofanana msinkhu, palibe masitepe, ndiye nkhalamba ndi a njinga za olumala savutika kukwera. Chimenechi ndimachiyamikira kwambiri. Mpando ukasowa ndimagwira chitsulo zolimba.

Kenako ulendo umakoma. Timadutsa Ubungo, Manzese, Magomeni, uku madaladala, maminibasi a kumeneko, atathithikana m'mbali ngati ng'ombe pa dibi. Pa Jangwani ndi pachigwa cha mtsinje wa Msimbazi, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi amasefukira mumsewu mpaka mabasi kuimitsidwa. M'miyezi ya Malichi mpaka Meyi ndimafunsiratu za njira ndisanalipire.

Tikadutsa siteshoni ya Fire, basi imalowa mu Msimbazi Street, ndipo apa ndiye Kariakoo. Nditha kutsikira pamenepo kapena kukafika pa Gerezani. Pobwerera ndi mabelo sindiyerekeza kukwera mwendokasi, mulibe malo a katundu wotere. Ndimakambirana mtengo ndi wa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, katundu asanakwezedwe.