Momwe ndinayezetsera shafti ya driver yanga ku Johannesburg

Driver ya gofu, ndodo yomenyera mpira patali kwambiri, ili ndi zigawo zitatu: mutu, shafti ndi grip yogwirira. Ambirife pogula maso amathamangira ku mutu chifukwa ndi pomwe pali dzina la kampani, koma chimene chimafikitsa mutuwo pa mpira ndi shafti. Driver yanga ndinagula kwa mnzanga amene ankasiya kusewera. Mutu unali wabwinobwino, wa 460cc, kukula komaliza kumene malamulo a gofu amalola, koma mpira unkakonda kukhotera kumanja, ndipo mtunda wake sunkadziwika: lero patali, mawa pafupi. Nditapeza ulendo wantchito wa ku Johannesburg ndinanyamula ndodoyo kuti akandiyeze.

Ndisananyamuke ndinaimba foni kusitolo ina yaikulu ya gofu kuti andisungire nthawi, ndipo ndinafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngati ndalama yoyezetsera amaichotsera pa mtengo wa shafti ukagula pompo. Chachiwiri, ngati ali ndi mashafti oyesera okhala ndi adaputa ya mutu wanga, kachitsulo kolumikiza shafti ndi mutu. Ichi musachiiwale. TaylorMade, Callaway, Titleist ndi Ping aliyense ali ndi adaputa yakeyake, ndipo ya kampani ina silowa m'mutu wa kampani inzake. Tengani gulovu yanu, nsapato zomwe mumasewerera komanso mipira ya mtundu umene mumagwiritsa ntchito.

Woyezayo anayamba wandisiya ndiwongole thupi ndi ndodo zing'onozing'ono, kenako anati ndimenye ndi driver yanga momwe ilili. Kumbuyo kwanga kunali TrackMan, makina a ku Denmark amene amatsata mutu wa ndodo ndi mpira pogwiritsa ntchito radar. Manambala amatuluka ambiri, koma iye ankayang'ana ochepa: liwiro la mutu wa ndodo, liwiro la mpira, madigiri amene mpira wanyamukira, ndi kazungulidwe kake. Liwiro langa linali kuzungulira mamailosi 94 pa ola. Mukagawa liwiro la mpira ndi la mutu mumapeza nambala imene amaitcha smash factor. Ukamenya bwino kwambiri ndi driver imayandikira 1.50. Yanga inkasewera m'ma 1.40, kutanthauza kuti mphamvu ndinali nazo koma zambiri sizinkafika pa mpira.

Apa ndinapempha chinthu chimene aliyense wochokera kwathu ayenera kupempha. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, pomwe ku Nchalo m'chigwa cha Shire ndi pansi penipeni. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, choncho mpira umauluka patali komanso sukhota kwambiri. Mtunda umene makina angakuonetseni ku Johannesburg simudzauona ku Lilongwe, ndipo mpira wokhota pang'ono kumeneko ukakhota kwambiri kuchigwa. Makinawa amatha kuwatchera kuti awerengere kukwera kwa malo amene mumasewera, ndiye ndinamuuza kuti aike za Lilongwe. Mayadi angapo anachoka nthawi yomweyo, koma otsalawo anali oona.

Kenako anapopera paudala woyera, uja wa kumapazi, pankhope ya driver. Mpira ukagunda umasiya chidindo. Zidindo zanga zinali zitamwazikana, zambiri cha kuchidendene, kufupi ndi pomwe shafti imalowera. Anayeza kutalika kwa ndodoyo n'kupeza mainchi 45.75. Makampani amakonda kugulitsa ma driver otalika chonchi chifukwa kumenya kumodzi kwabwino kumapereka mtunda wosangalatsa m'sitolo, koma akatswiri ambiri amene amadya za gofu amasewera ndi ofupikirapo. Malamulo amalola mpaka mainchi 48, ndipo kuyambira mu 2022 okonza mipikisano ikuluikulu ali ndi ufulu woletsa ndodo yopitirira mainchi 46. Anandiuza ndigwire grip chapansi ndi inchi imodzi ndimenyenso. Zidindo zinayamba kusonkhana pakati. Tinali tisanasinthe shafti n'komwe.

Ine ndinkayembekezera kuti nkhani yaikulu ikhala zilembo zija zolembedwa pa shafti: L, A, R, S ndi X, kuyambira yofewa kwambiri mpaka yolimba kwambiri. Pabwalo timakangana nazo zimenezi, ndipo amuna ambiri safuna kuwaona ali ndi R. Kawirikawiri amati R ndi ya liwiro la mamailosi 85 mpaka 95, S ya 95 mpaka 105, X kupitirira apo, ndiye ine ndinali pamalire. Koma palibe muyezo umodzi umene makampani onse anagwirizana. Zili ngati nsapato za pa kaunjika: nambala ikhoza kufanana koma ina imathina, ina imakhwepa. S ya kampani ina ikhoza kufewa kuposa R ya ina. Woyezayo sanataye nthawi pa chilembo. Anayambira pa kulemera.

Ankamasula mutu ndi sipanala yake, n'kulowetsa shafti ina osandiuza dzina. Ya magalamu 50 inandiwonjezera liwiro pang'ono, koma sindinkamva komwe mutu uli ndikamatsitsa ndodo, ndipo mipira inabalalika uku ndi uku. Ya m'ma 70 inkawongola mpira poyamba, koma manja atayamba kutopa nkhope inkafika yotseguka, mpira n'kubwerera kumanja kwa kale kuja. Ya m'ma 60 ndi imene inandikhala. Pokhapokha kulemera kutapezeka m'pamene tinayesa kusiyanitsa mashafti ofewa kunsonga, amene amakonda kukweza mpira, ndi olimba kunsonga, amene amautsitsa n'kuchepetsa kuzungulira. Tinkafuna kuti mpira uzizungulira pakati pa maulendo 2,000 ndi 3,000 pa mphindi. Wanga poyamba unkadutsa pamenepo. Za torque, kupotoka kwa shafti kumene amayeza m'madigiri, anangozitchula modutsa, ndipo kwa munthu wa liwiro langa ndikuona kuti n'zokwanira.

Pa mtengo khalani maso. Mayina ngati Fujikura Ventus, Mitsubishi Tensei, Graphite Design Tour AD ndi Project X HZRDUS mumawaonanso pa ma driver a m'sitolo, koma nthawi zina shafti yobwera ndi ndodo ndi mtundu wopangidwira kampani ya mutuwo, osati uja wogulitsidwa pawokha, umene mtengo wake umakhala wokwera kwambiri. Pa Ventus, yodulayo ndi yolembedwa VeloCore. Ndinayesa yodula ndi yotsika mtengo zolemera mofanana, ndipo kusiyana kwake pa makina kunali kochepa moti sindikanakuzindikira pabwalo. Ndinatenga yotsika mtengo, ya S, yofewerapo kunsonga.

Chotsala chinali kuimanga. Anaidula kumbali ya grip kuti ifike mainchi 44.75, kudula kunsonga kukanaiwumitsa. Ndodo ikafupika mutu umamveka wopepuka m'manja, ndipo inchi imodzi imachotsa mapointi pafupifupi 6 pa sikelo ya swing weight, muyezo wa momwe mutu umamvekera kulemera, choncho anasintha kachitsulo kolemeretsa ka m'mutu n'kuika kolemererapo. Adaputa amaimata ndi epoxy, ndipo anati ndisamenye nayo mpaka mawa lake. Pokaitenga ndinapempha pepala lolembedwa zonse: dzina la shafti, kulemera, kutalika, swing weight, saizi ya grip ndi pomwe adaputa yatcheredwa. Shafti ikadzathyoka, pepalalo ndi limene mungatumize kwa m'bale amene akubwera kuchokera ku Joni.

Pokwera ndege ndinamasula mutu n'kuukulunga m'zovala, chifukwa ma driver ambiri amathyokera pakhosi m'katundu. Shafti yakale sindinaigulitse. Ili ndi adaputa yake, ndi yodikirira tsoka. Ku Lilongwe ndimasintha chinthu chimodzi chokha malinga ndi nyengo. M'chilimwe nthaka imauma ndipo mpira wotsika umagubuduka mtunda wautali, koma mvula ikayamba umangoima pomwe wagwera, ndiye ndimakweza loft, kupendekera kwa nkhope ya driver, ndi digiri imodzi kuti uziuluka nthawi yaitali. Kutcherako ndimachita ndisanafike pa dzenje loyamba, chifukwa masewero akayamba malamulo salolanso kusintha momwe ndodo yatcheredwa.