Kuchoka ku Nchalo mpaka kukagwira sinowo ku Lesotho pa galimoto

Zonsezi anaziyambitsa ndi mlamu wanga wa ku Joni. Ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp ali m'mapiri a ku Lesotho, sinowo ali mbuu paliponse, ine ndili ku Nchalo thukuta lili kamukamu fani ikungopemerera mpweya wotentha. Ndinangoti chaka chamawa mu July ndikupita, ndipo ndipita pa galimoto yangayi.

Njira yake siyovuta kuiloweza. Kukwera Thabwa kufika Blantyre, kenako Mwanza, Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, ndiye N1 mpaka Johannesburg. Kuchoka Blantyre ndi makilomita cha m'ma 1,700, ndiye muwonjezerepo ena 300 ndi kanthu kudzera Bethlehem ndi Fouriesburg kukafika pa boda ya Caledonspoort yolowera Lesotho. Maboda anayi, iliyonse mbali ziwiri, ndiye kuti pasipoti imadindidwa ka 8 popita pokha, onani kaye ngati masamba atsala. Ndinagawa masiku anayi: kugona ku Harare, ku Musina, kwa alamu ku Joni, lachinayi kulowa Lesotho. Usiku sindinkayenda, ng'ombe ndi abulu a pa msewu wa Masvingo sadziwa hutala.

Mapepala ndi amene anandidyera nthawi. Ife a pasipoti ya Malawi viza sitifunika m'mayiko onsewa, ku South Africa amapereka masiku 30, koma galimoto ndiye imafunsidwa zambiri kuposa mwini wake. Blue book yeniyeni osati fotokope, COF yosatha, police clearance yosonyeza kuti siyakuba, pepala la MRA lotulutsira galimoto kwa kanthawi, ndipo ngati galimoto ili pa ngongole ya banki kapena ili m'dzina la munthu wina pamafunika kalata yoti akulolani kutuluka nayo. Mukalowa dziko la eni amakulemberani TIP, kapepala kolola galimoto kukhala m'dzikomo kwa masiku owerengeka, musakataye chifukwa potuluka amakafuna. Ine zonse ndinapanga fotokope katatu nkuika m'mafayilo osiyana, ina pansi pa mpando.

Pa inshuwalansi ndi pomwe ndikanalakwitsa. Ndinagula COMESA Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto yogwira m'mayiko angapo a bungwe la COMESA, nkumaganiza kuti ndathana nazo, osadziwa kuti Mozambique sili mu COMESA, ndiye ku Zimbabwe imagwira koma pa Zóbuè mumagulanso third party yawo. Ku South Africa simugula chifukwa ya anthu ovulala inalowa kale mu mtengo wa mafuta. Zimbabwe ili ndi zakenso, carbon tax, ndalama ya msewu, ma toll geti, komanso amafuna timapepala tonyezimira toyera kutsogolo tofiira kumbuyo, ma triangle awiri ndi chozimitsira moto. Mozambique amafunanso vesiti yonyezimira ija. Zonsezi gulani ku Limbe musananyamuke, pa boda mtengo umakhala wa munthu wopanda kothawira. Madobadoba amakuthamangirani musanazimitse n'komwe injini, ine ndinkangoti zikomo achimwene ndipanga ndekha, pepala langa sindipatsa munthu amene sali kuseri kwa kauntala.

Ndalama zake mitundu itatu, ma metical pang'ono a pa Tete, madola a ku America ang'onoang'ono ogwiritsa ntchito ku Zimbabwe chifukwa chenji ndi nkhani, ndi ma rand. Kwacha ikangodutsa Zóbuè yasanduka pepala wamba, ndipo poti forex kwathu kuno mukuidziwa, ndinayamba kutolera miyezi isanu isanakwane. Ku Lesotho rand imagwira bwinobwino, loti yawo ndi yofanana mphamvu ndi rand, koma chenji akakupatsani ma maloti muwathere konko, mukabwerera ku South Africa sawalandira.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetse ndi ya galimoto yeniyeniyo. Ine maganizo onse anali pa maboda, kuiwala kuti galimoto yangayi moyo wake wonse yakhala ku Chigwa cha Shire, malo osafika n'komwe mamita 100 kuchoka pa nyanja yamchere, ndipo mu rediyeta timangothira madzi a pampopi. Lesotho malo ake otsikitsitsa ali pa mamita 1,400. Msewu wa A1 kuchoka Butha-Buthe, tauni yoyamba mukangodutsa boda ya Caledonspoort, umakwera Moteng Pass, mamita 2,820, nkupitirira mpaka Mahlasela pa 3,222, pamenepo ndiye kuti mwaposa Sapitwa wa ku Mulanje amene ali pa 3,002, koma muli pa tala, mutakhala pa mpando. Mu July usiku kumazizira mpaka madzi kuuma gwaa, ndipo madzi akauma amafufuma, akhoza kung'amba rediyeta ngakhale injini imene. Alamu ndi amene anandifunsa pa foni kuti kodi mwathira antifreeze? ine nkumati ndi chani chimenecho. Tinakhetsa madzi onse kwa makaniko nkuthira coolant weniweni wokhala ndi antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuuma ndi kuzizira, mu kabotolo ka ma waipa namonso tinaika osauma. Batire ndinagula yatsopano chifukwa yotopa m'mawa wozizira siliza. Hita ya m'galimoto ndinali ndisanaiyatsepo chigulireni, ku Nchalo ungayatse hita ngati wapenga? Titayesa inapezeka kuti siigwira, tinakonza, ndipo ndi imene imachotsa nthunzi pa galasi. A dizilo thirani ya komweko mukayandikira, ina ikazizidwa kwambiri imalimba ngati phala.

Kumwambako mpweya ndi wochepa, injini yopanda turbo imafooka, pa mamita 3,000 imakhala yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Pa Moteng ndinakwera ndi giya 2, penapake 1, galimoto ikulira ngati yasenza matumba a shuga, musachite mantha siinawonongeke. Nanenso mutu unkawawa pang'ono ndipo kungoyenda pang'ono wefuwefu. Potsika ndiye ngati Thabwa yemwe uja koma wautali, giya yaying'ono, injini izigwira yokha, mukamangoponda mabuleki amatentha nkusiya kugwira. M'mawa osanyamuka dzuwa lisanawombe msewu, m'makona a mthunzi mumakhala ayezi wosaoneka. Mafuta ndinadzadza ku Butha-Buthe chifukwa kutsogoloko ma filling station ndi apatalipatali mpaka Mokhotlong.

Sinowo ndinamugwiradi pa Afriski, pamene anthu amatsetsereka pa timatabwa kuyambira June mpaka August. Zala zinachita dzanzi mphindi ziwiri zokha, jekete yanga ya pa kaunjika inagonja, mpaka ndinagula bulangete lija amafunda Abasotho, abusa a nkhosa amangoyenda nalo pa hatchi osatekeseka. Kuchoka Mokhotlong ndinafika pa Sani Top, pa boda ya Lesotho ndi South Africa pamwamba pa Sani Pass, mamita pafupifupi 2,870, tala yekhayekha. Kutsika Sani Pass kulowera ku KwaZulu-Natal ndinakusiya, msewu umenewo ndi wa 4x4 ndipo yanga ndi yokoka ndi matayala akutsogolo. Ndinaima m'mphepete nkuyang'ana makona aja akupindika pansipo ngati njoka, ndinajambula, nkutembenuza galimoto kubwerera njira ya Butha-Buthe dzuwa lisanapendeke.