Zimene ndaphunzira powerenga anamzeze a purple martin asananyamuke

Nyengo yotentha ya chaka chino, aphunzitsi athu a phunziro la mbalame kuno ku Texas anatiuza kuti aliyense asankhe ntchito yochitira panja, yoti zotsatira zake zikathandize anthu ena osati kungothera mu fayilo ya sukulu. Ine ndinasankha kulondera chigono cha mbalame zotchedwa purple martin mumzinda wa Austin, kuziwerenga ndi kutumiza malipoti. Ntchitoyi yandisintha kaonedwe ka manambala amene timawapeza m'mabuku a sayansi, makamaka akuluakulu aja okhala ndi maziro ambiri kumapeto.

Purple martin ndi namzeze, ndipo mwa anamzeze onse a ku North America wamkulu ndi ameneyu. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 20, kulemera kwake magalamu 50 ndi kanthu. Yaimuna yokhwima ndi yakuda bii thupi lonse, koma dzuwa likaiwomba imanyezimira mtundu wa buluu wopita ku pepo. Zazikazi ndi ana zimakhala zotuwa kumimba. Kum'mawa kwa mapiri a Rocky pafupifupi zonse zimaswera m'nyumba zopangidwa ndi anthu. Kalekale anthu a mtundu wa Choctaw ndi Chickasaw, eni nthaka a ku America, ankazipachikira zikho zoboola. Lero anthu amaimika chitsulo chachitali pabwalo n'kukolowekapo zikho zapulasitiki zoyera kapena kanyumba ka zipinda zambiri, ndipo eni akewo amadzitcha alandilodi. Ena amaimika nyumbazi poganiza kuti mbalamezi zimatha udzudzu, koma ayi ndithu: zimadya masana, m'mwamba kwambiri, ndipo chakudya chake ndi atombolombo, mavu, nyerere zouluka ndi tizilombo tina totere.

Ana akangodziwa kuuluka, nyumbazi zimasiyidwa. Kuyambira chakumapeto kwa Juni, mu Julayi ndi mu Ogasiti, mbalame zochokera m'dera lalikulu zimayamba kugona malo amodzi usiku uliwonse, zikudya ndi kunenepa pokonzekera ulendo wa ku South America. Kwina zimasankha chilumba, kwina bango, kwina kunsi kwa mlatho. Ku Austin zimakonda timitengo ta pamalo oimika magalimoto a mashopu akuluakulu, pamene pali magetsi usiku wonse, ndipo zimasinthasintha malo zaka zikamapita. Bungwe loteteza mbalame la Travis Audubon limaitanira anthu kumeneko madzulo ena kuti adzaonere.

Ukafika dzuwa lisanalowe umaganiza kuti wasokera. Pamangokhala magalimoto, mangolo a m'shopu ndi phula lotentha. Chokutsimikizira kuti malo ndi omwewo ndi pansi pa mitengo: pamakhala mbuu ndi zitosi, nthenga zili mbwee, ndi fungo lolasa m'mphuno. Kenaka ukakweza maso umaona timadontho takuda m'mwambamwamba, tochepa chabe. Pakapita mphindi khumi thambo lonse ladzaza, zikuzungulira, zina kutsika pang'ono n'kukweranso. Sizitera msanga. Zimadikira dzuwa lilowe, ndipo mdima ukamayamba zimathira liwiro gulu ndi gulu, kudutsa pamwamba penipeni pa mitu ya anthu mpaka mphepo ya mapiko kuimva kumaso, n'kulowa m'masamba. Nthambi zimawerama. Phokoso lake limakula mpaka woyandikana naye uyenera kumukuwira. Madzulo ena ndinaona kamwana ka chaka chino katasowa potera, kakuyesa nthambi iyi n'kukankhidwa, kuyesa ina n'kukankhidwanso, mpaka kanakakhala kunsonga kwenikweni kwa kanthambi kamene kanapindika nako. Kunsongako n'kumene kadzidzi kapena kabawi amayambira kutola.

Tsono pamenepa munthu uwerenge bwanji? Kuwerenga imodziimodzi n'kosatheka. Chimene tinaphunzitsidwa n'chofanana ndi momwe munthu amayezera mulu wa chimanga ndi diso atadziwa kukula kwa ndowa imodzi. Umayamba wawerenga bwinobwino mbalame 50 kapena 100 pa kachigawo ka thambo, diso lizolowere kukula kwa kagulu kotere, kenaka umaona kuti timagulu totere tingakwane kangati m'gulu lonselo. Njira ina ndi kusankha mzere, mwachitsanzo pakati pa mapolo awiri a magetsi, n'kumayerekeza zimene zikudutsapo pa mphindi imodzi. Vuto lake n'lakuti zimazungulira, ndiye imodzi yomweyo ukhoza kuiwerenga katatu. Njira imene ndinaikhulupirira kwambiri ndi ya pamtengo: zikakhazikika, umawerenga za pa nthambi imodzi yooneka bwino ndi kuwala kwa magetsi, kuchulukitsa ndi nthambi za mtengowo, kenaka ndi mitengo yonse imene yagonedwa. Zithunzi za pafoni zimathandiza mawa lake, ukazikulitsa pa kompyuta n'kuwerenga modekha.

Ine ndi mnzanga wa m'kalasi tinkaima malo amodzi, nthawi imodzi, koma manambala athu ankasiyana ndi masauzande. Aphunzitsi sanadandaule nazo. Chimene ankakana ndi nambala yopanda mbiri yake. Ankafuna kuti lipoti linene njira imene wagwiritsa ntchito, nthawi imene unayamba ndi kumaliza, pamene unaima, ndiponso nambala yotsikitsitsa ndi yokwereretsa imene ungaiikire kumbuyo. Ankatikumbutsanso kuti m'mitengo yomweyo mumagona mbalame zina, monga grackle ndi starling, ndipo mumdima zonse zimaoneka zakuda. Uyenera kuzisiyanitsa kukadali kowala, poona kaulukidwe ndi mapiko osongoka a namzeze, n'kulemba kuti mwa khumi zilizonse za purple martin zinalipo zingati. Kuyambira pamenepo, ndikawerenga kuti pamalo pakuti pamagona mbalame 100,000, ndimayamba ndafunsa kuti anawerenga ndani, anaima pati, ndipo kunali kowala bwanji. Sindifunsa monyoza ayi. Ndadziwa kulemera kwa ntchito imene ili kuseri kwa nambalayo.

Gawo limene linandikoka mtima kwambiri ndi la radar. Dziko la America lili ndi makina a radar oonera nyengo pafupifupi 160, otchedwa NEXRAD, ndipo zithunzi zake aliyense akhoza kuziona pa intaneti. M'bandakucha, dzuwa lisanatuluke, mbalame za pachigono zimanyamuka pafupifupi nthawi imodzi, kukwera m'mwamba n'kubalalika mbali zonse. Pa radar zimaoneka ngati mkombero umene ukukula kuchokera pa kadontho kamodzi, kenaka n'kuzimirira. Madzulo mkombero wotere suoneka bwino chifukwa zimabwera pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1990, Kevin Russell ndi Sidney Gauthreaux a ku Clemson University anagwiritsa ntchito njira imeneyi pa chigono cha pa chilumba cha m'nyanja ya Lake Murray ku South Carolina, pamene mbalame zinayerekezedwa kuti zinafika 700,000. Chilumbacho amachitcha Bomb Island chifukwa ndege zankhondo zinkaphunzirirapo kuponya mabomba nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Komabe radar ili ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake munthu wa kope ndi cholembera akufunikabe. Radar imaonetsa kuti china chake chanyamuka cha kuno, koma sinena kuti ndi mbalame yanji, kapena kuti yagona mu mtengo uti, wa ndani. Kuno ku Texas mileme nayonso imapanga mikombero yomweyo, kungoti yake imaoneka madzulo ikamatuluka m'mapanga ndi kunsi kwa milatho, monga wa Congress Avenue mu Austin momwemuno. Anamzeze a mitundu ina nawonso amatero. Ndiponso mphamvu ya radar imanka ikwera m'mwamba ikamatalikira, choncho chigono chakutali kwambiri chikhoza kudutsa osaoneka. N'chifukwa chake bungwe la Purple Martin Conservation Association, limene linayamba mu 1987 ndipo lili ku Erie, Pennsylvania, lili ndi ntchito yotchedwa Project MartinRoost, yopempha anthu wamba kuti apite akaone ndi maso n'kunena malo enieni, tsiku, mtundu wa malowo ndi kuchuluka kwa mbalame. Malipoti anga ndinkawalembanso pa eBird, tsamba la pa intaneti la Cornell Lab of Ornithology pomwe anthu amalembapo mbalame zimene aona.

Chinthu chimene anthu ambiri salemba, koma ine ndaona kuti n'chamtengo wapatali, ndi usiku umene wapita n'kupeza kuli zii. Munthu akapeza mitengo yopanda kanthu amangobwerera kwawo wokhumudwa. Koma lipoti lonena kuti ndinaima pano kuyambira nthawi yakuti mpaka mdima, sindinaone ngakhale imodzi, ndi limene limasonyeza tsiku limene zanyamuka, kapena kuti chigono chasamuka. Ku Lake Murray komwe kuja, mu 2014 mbalame zambiri sizinabwere pa chilumba chija, ndipo anthu anakazipeza ku nyanja ina yapafupi, Lake Monticello. Pakanapanda anthu oyang'ana malo akale ndi atsopano omwe, wina akanalengeza kuti zafa, wina kuti zachuluka, onse akulakwa. Pamene kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anasonyeza kuti North America yataya mbalame pafupifupi 3 biliyoni chiyambire 1970, ndipo zodya tizilombo m'mlengalenga zili m'gulu la zimene zachepa kwambiri, kusiyanitsa kusamuka ndi kutha si nkhani yaing'ono.

Malipotiwa amagwiranso ntchito pa mikangano ya anthu. Ku Manns Harbor, North Carolina, mbalame pafupifupi 100,000 zinkagona kunsi kwa mlatho wa William B. Umstead, ndipo zambiri zinkagundidwa ndi magalimoto. Popeza zinkadziwika miyezi ndi maola amene zinkalowa ndi kutuluka, anaika magetsi ochenjeza ndipo nthawi imeneyo liwiro linkatsitsidwa kufika mamailosi 20 pa ola. Ku Nashville, Tennessee, zinayenda mwina. Mu 2020 mbalame pafupifupi 150,000 zinagona m'mitengo yozungulira nyumba ya zoimbaimba ya Schermerhorn Symphony Center, zitosi zinaipitsa malo, ndalama zoyeretsera zinali zambiri, ndipo mu 2022 mitengoyo inadulidwa. Zimandipweteka, koma nditaima pansi pa chigono n'kumva fungo lija sindingawaweruze mopepuka eni malo. Lamulo la 1918 la Migratory Bird Treaty Act limaletsa kupha mbalamezi, koma mtengo umene zimagonamo ukhoza kudulidwa zitachoka. Chimene chingathandize ndi kupita kwa mwini shopu ndi zolemba m'manja: zimabwera sabata yakuti, zimachuluka milungu yowerengeka chabe, zimachoka cha pakuti, ndipo mitengo yofunika kuitchinga kuti magalimoto asaimepo ndi iyi. Munthu wodziwa kuti vuto lake lili ndi tsiku lothera amapirira mosavuta kusiyana ndi amene akuganiza kuti zabwera kudzakhazikika.

Zikachoka pano zimapita kutali. Bridget Stutchbury wa ku York University ku Toronto anamangirira tizipangizo tolemba malo pamsana pa mbalamezi ku Pennsylvania, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Zinauluka makilomita pafupifupi 2,500 kukafika ku Yucatán, ku Mexico, m'masiku 5, n'kupumula kumeneko milungu ingapo zisanapitirire ku Brazil. Pobwerera, imodzi yaikazi inachoka ku Amazon kukafika ku Pennsylvania m'masiku 13 okha. Mafuta oyambira ulendo wotere zimawasonkhanitsa pa milungu imene zikugona m'timitengo ta pa shopu tija.

Kwathunso tili nawo anamzeze aulendo, amene amachokera ku Ulaya nyengo ya mvula n'kumagona m'mabango. Ku Mount Moreland pafupi ndi Durban, ku South Africa, ankayerekezedwa kuti ankafika 3 miliyoni, ndipo bwalo la ndege la King Shaka, limene linatsegulidwa mu 2010 pafupi pomwepo, linaika radar yoyang'anira mbalamezi kuti zisawombane ndi ndege. Pa eBird munthu akhoza kulembapo za ku Malawi ngati mmene ndimalembera za ku Austin. Ndikabwera ku tchuthi cha Disembala ndikufuna kukafunsa asodzi ndi abusa a ng'ombe a kudambo kwathu kuti anamzeze amalowera pati madzulo, ndikayambire pomwepo.