Musanaphunzitse za 666, yambani ndi Danieli 7

Mkulu wa mpingo amene wapatsidwa Chivumbulutso 13 kuti aphunzitse Lachitatu masana, kaya ku Luchenza kaya ku Chitakale, asathamangire vesi 18, pamene pali nambala ya chilombo, 666. Atsegule kaye Danieli 7. Kumeneko zilombo zinayi zikutuluka m'nyanja: mkango, chimbalangondo, kambuku wa mitu inayi, ndi chachinayi cha nyanga khumi. Lembani mituyo pa bolodi muwonkhetse: 1, 1, 4, 1, zonse 7. Chilombo chimene Yohane anaona pa Chivumbulutso 13 chili ndi mitu 7 ndi nyanga 10, thupi la kambuku, mapazi a chimbalangondo ndi pakamwa pa mkango. Yohane anasonkhanitsa zilombo za Danieli kukhala chimodzi, ndipo Danieli 7:17 ndi 23 akunena poyera kuti zilombozo ndi mafumu ndi maufumu.

Chachiwiri, siyanitsani anthu a m'nkhaniyi, poti ambiri amawaphika mumphika umodzi. Chinjoka cha mutu 12 ndi Satana. Chilombo chochokera m'nyanja chimalandira mphamvu kwa chinjokacho. Chochokera pamtunda, cha nyanga ziwiri ngati za mwanawankhosa, ndicho chimakakamiza anthu kulambira, ndipo pa 19:20 chikutchedwa mneneri wonyenga. Wokana Khristu simungamupeze m'Chivumbulutso. Ali mu 1 Yohane 2:18, 22 ndi 4:3 komanso 2 Yohane 7, ndipo Yohane akuti oterowo anali kale ambiri m'masiku ake.

Nambala ija imawerengeka chifukwa m'Chihebri ndi m'Chigiriki zilembo zinkagwiranso ntchito ya manambala. Dzina loti Neron Kesar, mfumu Nero imene inalamulira Roma kuyambira 54 mpaka 68, likalembedwa m'Chihebri limapereka 50, 200, 6, 50, 100, 60 ndi 200. Onkhetsani nokha, mupeza 666. Mukalitchula mwa Chilatini, n yomaliza ya Neron imachoka, 50 apita, patsala 616, ndipo mipukutu ina yakale ilidi ndi 616. Kwa ine apa mpamene maganizo onena za Nero amalimba kwambiri.

Si onse amavomereza. Abale a Adventist, amene ali ku Malamulo kuyambira 1902, amawerenga tsiku ngati chaka, choncho miyezi 42 ya ulamuliro wa chilombo pa 13:5, kapena masiku 1,260, amaiyika pakati pa chaka cha 538 ndi 1798. Mipingo yambiri ya Pentekoste ikudikira wolamulira mmodzi wam'tsogolo. Fotokozani mbali zonse mwaulemu, chifukwa m'laini imodzi ya ku esiteti ya tiyi mumakhala anthu a mipingo yonseyi.

Zimasokonekera pamene wophunzitsa wachotsa mawu oti kulambira. Chizindikiro cha chilombo cha pa dzanja lamanja kapena pamphumi chikutsutsana ndi dzina la Mwanawankhosa lolembedwa pamphumi za anthu ake pa 14:1. Ndi nkhani ya amene ukumugwadira. Zikaiwalika zimenezi, chilichonse chokhala ndi nambala chimasanduka chilombo: chiphaso cha unzika mu 2017, katemera wa Covid mu 2021. Wina amakana katemera, wina wokana chiphaso amalephera kulembetsa simu khadi kapena kugula feteleza wotsika mtengo. Ndipo kuno ku Mulanje tikudziwa kumene mphekesera zimafikitsa: mu 2017 momwemo, nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu ongoganiziridwa.

Wina akaimirira n'kunena kuti chakutichakuti ndi 666, mufunseni kuti chikumuuza kulambira ndani, kenako muwerenge naye 13:15 mokweza.